Yoima yokha nayonso imagwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo nonse a m'chigwa muno, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka. Mawu athu m'mawa uno tawatenga pa 1 Akorinto 10:12: "Chifukwa chake iye wakuyesa kuti ali chilili, ayang'anire kuti angagwe."

Mwaziona njinga zamoto za matayala atatu zija, zangolo kumbuyo, zitasenza matumba a chimanga kapena zigubu za madzi pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. Njinga imeneyi ukaizimitsa imaima yokha, sifuna sitandi, sifuna phazi. Woiona koyamba amati iyi ndiye yosavuta, singagwe. Imagwa. Ndipo amene imamuzunza kwambiri tsiku loyamba si mbuli ayi, ndi mnyamata wa kabaza amene wakhala zaka pa njinga ya matayala awiri.

Njinga ya matayala awiri imakhota popendekeka, thupi likapendekera kumanzere nayo imatsatira. Ya atatu sipendekeka. Imafuna mikono: dzanja lina likankhe handulo, linzake likoke. Tsono wa kabaza akafika pokhota, thupi lake limachita zomwe linazolowera. Iye amapendekeka bwinobwino, njinga n'kumangolunjika ku ngalande. Mantha akamugwira amatsitsa phazi pansi monga mwa kale, kuiwala kuti kumbuyo kwa chidendene chake kukubwera ngolo ndi tayala. Lamulo loyamba ndi limeneli: njinga ikamayenda, mapazi asachoke popondera pake.

Phunzirirani pa bwalo la mpira lopanda ana, osati pa msewu wa M1, ndipo chipewa chikhale kumutu ngakhale pabwalo pomwepo. Injini musanailize, onani oyilo, ndipo matayala awiri akumbuyo akhale ndi mpweya wofanana, chifukwa limodzi likafewa njinga imakokera komweko. Gwirani chilichonse ndi dzanja mpaka muchidziwe osayang'ana: kilatchi kumanzere, mafuta ndi buleki ya kutsogolo kumanja, buleki ya phazi yomwe imagwira matayala akumbuyo, handibuleki, ndi chitsulo cha rivesi. Rivesi musaiponye njinga isanaimiretu, mano a magiya amatha. Kenako giya 1, mafuta pang'ono, kilatchi kuisiya mwapang'onopang'ono mpaka mumve njinga ikukoka. Yendani liwiro la munthu woyenda pansi, imani, nyamukaninso, kokwana 20 ngati kungatheke. Zikatero ikani zigubu ziwiri, pakati pake mapazi 15, muzizizungulira ngati mukulemba 8.

Pa zigubuzo m'pamene munthu amadzionera yekha kuti njinga yake ndi yaikulu kumbuyo kuposa kutsogolo. Tayala lakutsogolo limadutsa bwino, lakumbuyo n'kuphwanya chigubu. Pamsika chigubucho ndi mulu wa tomato wa mayi wina, kapena mwendo wa mwana. Dzenje nalonso chimodzimodzi: njinga iyi imasiya mizere itatu pansi, ndiye ukazemba dzenje ndi tayala lakutsogolo lokha, lakumbuyo limagweramo.

Koma pogwera penipeni ndi pokhota. Ukakhotera kumanzere mothamanga, kulemera konse kumakankhikira kumanja, tayala lakumbuyo lakumanzere n'kunyamuka. Limanyamuka mwakachetechete, woyendetsa amangomva mpando ukupendekeka. Mphamvu yokankhira kunjayo sikula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Pamene munakhota bwino pa 15, pa 30 si pomwepo ayi. Chepetsani liwiro njinga idakali molunjika, tsitsani giya, kenako khotani thupi mutalikokera mkati. Tayala likanyamuka, wongolani handulo pang'ono ndipo siyani mafuta. Kukanikiza buleki ya kutsogolo mwamphamvu handulo ili yokhota ndiko kumalizitsa kuigubuduza.

Apa ndi pamene mawu a Paulo amatifika pamtima. M'mutu 10 umenewu sakunena za anthu osamudziwa Mulungu. Akunena za ana a Israele amene anawoloka nyanja, anadya mana, anamwa madzi a m'thanthwe, koma ambiri anathera m'chipululu. Anali ndi mbiri yabwino. Petro naye sanamukane Ambuye chifukwa chokhala mlendo, anali atangonena kumene kuti ena onse akhoza kukhumudwa koma iye ayi. Mkulu wa mpingo amene wasunga thumba zaka zambiri amayamba kuwerenga chopereka yekha. Mayi amene anthu amamudziwa kuti ndi wa pemphero amayamba kudumphitsa pemphero la m'mawa, poti kaya, akudziwa kale. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Tikalowa gawo latsopano, kaya ndi banja, udindo kapena ndalama zomwe sitinazigwirepo, luso la dzulo limatiuza kuti pendekeka, pomwe apa pakufunika kugwira handulo ndi manja awiri n'kufunsa odziwa.

Za katundu tinenepo pang'ono, poti ndiye ntchito yake. Yambani ndi ngolo yopanda kanthu, kenako matumba awiri a makilogalamu 50, muyambirenso kuzungulira zigubu zija, chifukwa njinga yolemedwa ndi njinga ina: imachedwa kuima. Cholemera chikhale pansi, pakati, kutsogolo kwa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo. Mukachiunjika kumbuyo kwenikweni, tayala lakutsogolo limapepuka, pachitunda handulo siimvanso. Mitolo ya thonje imanyenga, ndi yopepuka koma imatalika, ndipo katundu akatalika njinga sichedwa kupendekeka. Dilamu ya malita 200 ikadzaza madzi ndi makilogalamu 200 osawerengera kulemera kwa dilamuyo, koma yoopsa ndi yosadzaza, madzi amakhuthukira mbali imodzi mkati mokhota. Malire a katundu ali pa kachitsulo ka njingayo kapena m'kabuku kake, osati m'mutu mwa mwini katundu.

Misewu yathu nayo ili ndi zake. Mumchenga wa m'mitsinje youma, tayala limodzi lakumbuyo likaterereka difu, yomwe imagawira matayala akumbuyo mphamvu ya injini, imangolizunguza lomwelo, linzake lili duu, ndipo kuonjezera mafuta n'kudzikumbira dzenje. Zimitsani, tsitsani katundu, fukulani mchenga, yalani nthambi. M'mphepete mwa tala msewu umatsetserekera kumanzere, ndipo njinga iyi imautsatira, choncho mikono isagone. Potsetsereka gwiritsani giya 2, osati kuchotsa giya n'kumayenda fili, poti mabuleki akatentha amaleka kugwira. Mapiri otsikira ku Thabwa kuchokera ku Blantyre si malo a munthu wa sabata imodzi. M'dzuwa la Okutobala, lopitirira madigiri 40 lija, injini yokoka katundu pa giya 1 nthawi yaitali imafuna kupuma pamthunzi monga mwini wake. Laisensi musaiiwale musanalowe pamsewu wa anthu onse.

Tipemphere. Atate wakumwamba, tikuika m'manja mwanu anyamata ndi atsikana amene lero akukwera njingazi koyamba, ndi amayi amene akwere m'ngolo ndi malonda awo. Apatseni aphunzitsi odekha, ndi makutu omva ngakhale kwa amene amadziona kuti anatha kale. Sungani mapazi awo, ndipo madzulo ano abwerere kwa ana awo ali amphumphu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.