Mawu akungobwerezabwereza pa Web Speech API? Taonani resultIndex

Moni nonse, lero tili pa Web Speech API, yomwe imalola browser kumva mawu a pa maiki n'kuwalemba, makamaka pa onresult, function yomwe imalandira zomwe browser yamva. Mwalemba code yanu bwinobwino pa Chrome ndi webkitSpeechRecognition, continuous (kuti izingomvetserabe) ndi interimResults (kuti izitumizanso zongoyerekeza) zonse mwaziyika true, mwayankhula pa maiki koma m'bokosi mwatuluka "good good morning good morning everyone". Nde mumayamba kukayikira maiki eti, ayi ndithu maikiyo ilibe mlandu.

Vuto lake ndi ili. Browser ikamamvetsera imatumiza event nthawi iliyonse yomwe yasintha maganizo pa zomwe yamva, ndipo event.results imabwera ndi zonse kuyambira pomwe munayambira kuyankhula paja osati zatsopano zokha ayi, nde inuyo mukamayambira loop pa 0 n'kumangophatikiza transcript iliyonse pa zomwe zilipo kale mukulemba zomwezomwezo kambirimbiri. Loop yanu iziyambira pa event.resultIndex, nambala imeneyo ndi yomwe imakuuzani pomwe payambira zosintha.

Koma si zokhazo. Result iliyonse ili ndi isFinal. Ikakhala false ndekuti browser ikungoyerekeza, ngati munthu uja amakumalizira chiganizo iwe ukadali pakati, ikhoza kusintha pompano. Zoterezi ziyikeni mu variable yakeyake yomwe muziifufuta event ikangobwera ina, mukafuna muziwonetsa ndi mtundu wotuwa kuti munthu adziwe kuti sizinakhazikike. Ikakhala true, apo nde mwaphatikiza ku mawu enieni aja basi.

Palinso confidence, nambala yoyambira 0 mpaka 1 yosonyeza kuti browser yatsimikiza bwanji pa zomwe yamva. Ineyo sindiidalira kwenikweni, bola kukweza maxAlternatives, nambala ya mayankho omwe browser ingakupatseni pa result imodzi, imayambira pa 1, muyike kaya 3 munthu asankhe yekha chomwe amatanthauza.

Chrome inayamba kulola kumva mawu kwa Web Speech API mu 2013 pa version 25, ndipo nthawi zambiri mawu anu amapita kaye ku ma server a Google, nde bandulo ikatha mungolandira error ya network. Pa Firefox musavutike nazo, sizinayatsidwe.

China, munthu akakhala chete kanthawi Chrome imasiya yokha kumvetsera, nde ambiri amaitananso start mkati mwa onend, yomwe imaitanidwa kumvetsera kukatha. Zili bho, koma muyambe mwaona ngati onerror, yomwe imalandira ma error, sinabweretse not-allowed, chifukwa munthu akakana kupereka maiki inu n'kumangoitana start, code yanu izingozungulira pompo osasiya. Ikani ka variable kosunga kuti wakana, onend izikaona kaye isanayambitsenso.