Hydro Dipping: Kodi Mvula Ikagwa Maluwa Ake Amachoka?

Muli bwanji nonse! Takulandiraninso kugaraja kuno ku Chirimba. Taonani chivundikiro cha galasi lam'mbali la Vitz ichi. Mukuti ndi carbon fibre? Ayi ndithu, ndi pulasitiki wamba, tangomuviika m'madzi. Ntchitoyi, yosamutsa maluwa kuchoka papepala loyandama pamadzi kupita pa chipangizo, imatchedwa hydro dipping. Dinani subscribe tiyambepo.

Choyamba, tsukani chipangizocho, muchikweche ndi sandipepala.

Chachiwiri, poperani primer, penti woyamba wothandiza kuti wina agwire, kenako penti wapansi. Maluwa a carbon amafuna wakuda kapena wasiliva.

Chachitatu, yalani pepala la maluwa pamadzi ofunda, madigiri 30 mpaka 33. Nyengo ya chiperoni madzi apampopi amazizira kwambiri, ndiye atenthetseni kaye. Dikirani mphindi imodzi, poperani activator papepalalo (mankhwala ofewetsa utoto wake), viikani chipangizocho mopendeketsa pang'onopang'ono kuti mpweya usatsekeredwe mkati.

Tsono apa ndiime kaye, chifukwa nkhani iyi imandipweteka mtima. Sabata iliyonse wina amabwera n'kunena kuti, "Achimwene, zinthu zopangira m'madzi, mvula ya Januwale ikagwa si zisungunuka?" Ndi bodza limenelo! Chimene chimasungunuka ndi pepalalo, lotchedwa PVA, ndipo analipanga dala kuti lisungunuke. Ntchito yake n'kunyamula utoto basi. Activator amafewetsa utotowo, umakakamira pa penti wapansi uja, ndipo zoterera zotsalazo timazitsuka tokha ndi madzi mpaka zitatheratu. Mwamva? Timatsuka ndi madzi tsiku lomwelo, maluwa osachoka. Ndiye mvula ichotsa chiyani?

Zimene munaona zikusupuka pa galimoto ya mnzanu zija, wolakwa si mvula. Anyamata otsuka magalimoto amapaka polishi wonyezimiritsa dashibodi, mkati mwake muli silicone. Ukapanda kumuchotsa bwinobwino, penti sagwira. Mabampala ambirinso ndi a pulasitiki wa polypropylene, amene amakana penti pokhapokha utayamba wapopera adhesion promoter, mankhwala othandiza penti kukakamira. Mwezi wathawu bambo wina anabwera ndi Sienta kuchokera ku Limbe, ntchito yogwiridwa kwina. Ndinangolowetsa chikhadabo pakona, zonse n'kusendeka ngati khungu la nthochi, pansi pali pulasitiki wosalala, wosakwechedwa n'komwe. Ndalama za munthu zinapita pachabe, ine zinandiwawa. Amene zinakuchitikiranipo, lembani m'makomenti, ndikufuna ndimve.

Chachinayi, chikauma poperani clear coat wa magalimoto, penti woonekera woteteza pamwamba, wa 2K, wosakaniza ndi hardener womulimbitsa. Ameneyu ndiye amalimbana ndi dzuwa la Okutobala komanso fumbi. Wam'kachitini wotchipa uja musamuyerekeze pa marimu.

Mapepala a maluwa tili nawo, a carbon, a matabwa ndi a chisilikali. Nambala ya WhatsApp ili pansipa. Vidiyo yotsatira tikuviika rimu yathunthu, muone mmene timaitembenuzira kuti maluwa akumane bwino pakati pa masipoko. Tsopano bweretsani kamera pafupi, galasi lachiwiri likulowa m'madzi.