Makalata a omvera: anamzeze a pakhonde

Tiyambe ndi kalata yochokera ku Katete, kwa abambo ena amene apempha kuti dzina lawo tisalitchule. Alemba kuti:

"Chaka ndi chaka anamzeze awiri amabwera pakhonde pathu. Anaumba chisa chadothi kunsi kwa malata, chokhala ndi kakhomo kotalika ngati khosi la botolo. Ana akakula onse amachoka, chisa n'kutsala chokha. Tsopano amayi akunyumba atopa ndi zitosi, akuti tigumule. Ine mtima ukukana. Kodi zimabwerazi ndi mbalame zomwezija?"

Zikomo abambo. Kakhomo mwanenako kakusonyeza kuti ndi anamzeze aja a mizeremizere pachifuwa, ofiira kumutu. Amenewo kwawo ndi kuno ku Africa, amangosuntha potsata kumene kuli tizilombo touluka. Ofufuza za mbalame amaziveka kamphete kumwendo kuti azizizindikira, ndipo anapeza kuti anamzeze amakonda kubwerera pomwe anaswerapo kale. Ndiye kawirikawiri ndi omwewo, kapena mmodzi mwa awiriwo wabwera ndi mnzake wina.

Chisacho musachione kuchepa. Dothi lonselo analinyamula ndi mlomo kuchokera pachithaphwi, kachibulumwa kamodzikamodzi. Akachipeza chilipo amangomata pomwe pagumuka, n'kuyamba kuikira. Mazira amakhala 2 mpaka 4, amawafungatira masabata 2, ndipo ana amauluka pakapita masabata ngati 3.

Komatu amayi sakulakwa ayi. Amasesa pakhondepo ndi iwo, ndipo ngati ufa amayanika pomwepo, zitosi si zoseweretsa. Inu abambo tengani kathabwa, mukhomere kunsi kwa chisa, motalikirako kuti mbalame zizilowa bwino. Muchite zimenezi mbalame zisanabwere, pakuti phokoso la hamala lingazithawitse pamazira. Kupala kathabwako ikhale ntchito yanu, osasiyiranso amayi. Ine ndikupempha ndithu, chisacho chisagumulidwe.

Ina yachokera ku Chadiza, kwa mtsikana wa giredi 7. Akuti: "Aphunzitsi anatiuza kuti anamzeze amachokera ku Ulaya. Nanga chisa chili pakalasi pathu ndi cha a ku Ulayawo?"

Wafunsa bwino mwanawe, ndipo aphunzitsi ako anena zoona, kungoti anamzeze ali mitundu ingapo. A ku Ulaya amafika kuno cha mu Okutobala, mvula ili pafupi, ndipo pofika Epulo amakhala akubwerera. Udzawaona atandandalika pa nthambo za magetsi, msana wakuda mobiriwira, pakhosi pofiira, mchira wa mphanda. Inswa zikatuluka amasangalala kwambiri, ndipo usiku amagona m'mabango ali chigulu. Koma kuno samanga chisa, amakaswera kwawo. Kambalame kolemera magalamu ngati 20 kamadutsa chipululu cha Sahara, ndipo tina timachoka ku Britain mpaka ku South Africa, ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000. Ine ndikaganiza zimenezi ndimasowa chonena. Choncho chisa cha pakalasi panu ndi cha anamzeze akonkuno. Uwauze anyamata a m'kalasi mwako kuti malegeni awo asaloze kumeneko.

Omvera ku Lundazi, Petauke, Mfuwe ndi muno mu Chipata, amene muli ndi zisa pakhomo tilembereni, mutiuze mwezi umene anamzeze anu amafika komanso maumbidwe a chisa chawo. Tidzawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.