Kukawedza ku Vilankulo: Bodza la Mbandakucha Likukudyerani Ndalama

Moni abale anga, kaya muli ku Mangochi, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja. Lero tikupita ku madzi amchere. Ngati mwakhala mukulakalaka kukaponya mbedza ku Indian Ocean pa tchuthi, musachoke, chifukwa pali bodza lina limene limanditentha mtima ndipo ndilifika pompano. Malo athu ndi Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, moyang'anizana ndi zilumba za Bazaruto.

Choyamba, ulendo. Kuchokera ku Blantyre mudutsa pa Mwanza ndi Zobue, mufike ku Tete, Chimoio, pa Inchope mukhotere kummwera mumsewu wa EN1 mpaka kuwoloka mtsinje wa Save. Ndi makilomita opitirira 1,000, ndiye kagoneni panjira. Pasipoti, inshuwalansi ya galimoto, ndalama za metical.

Chachiwiri, nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe. Freddy uja amene anatiliza mu Malichi 2023 anali atatera kale pafupi ndi Vilankulo pomwepa pa 24 Febuluwale. Marlin wakuda, nsomba imene inatchukitsa Bazaruto, amachuluka cha mu Okutobala mpaka Disembala. Ineyo ndikanasankha Okutobala.

Tisanapitirire, dinani kachala kaja, ndipo amene simunalembetse pa tchanelo chino, batani lili pansipo. Ndi zaulere.

Chachitatu, bodza lija. Anthu amati, "Nsomba imadya m'mawa, dzukani mbandakucha." Munthu n'kulipiriratu boti, n'kuumirira kuti anyamuke 5 koloko m'mawa, ati chifukwa ndi mmene amachitira ku Nkhata Bay. Abale, nyanja ya Malawi siphwa n'kudzaza tsiku ndi tsiku. Nyanja yamchere imatero, kawiri patsiku. Ku Vilankulo madzi akaphwa amathawa kutali, mchenga n'kukhala poyera, ngalawa zili chigonere pansi. Inu mwafika 5 koloko ndi ndodo yanu, boti lili pamchenga. Mukwera chiyani?

[Pa sikirini: gombe lomwelo madzi atadzaza, kenako ataphwa]

Taonani zithunzi ziwirizi. Malo amodzi, kusiyana maola asanu ndi limodzi okha.

Chimene chimadyetsa nsomba kumeneko ndi kuyenda kwa madzi. Akamalowa kapena kutuluka amathamanga m'mipata ya pakati pa zilumba, atanyamula tinsomba, nkhanu ndi tizilombo tina. Nsomba zazikulu ngati kingfish zimadikirira pomwepo, pakamwa pa mpata. Madzi akaima, atadzaza kapena ataphweratu, nyambo yanu imangolendewera. Dzuwa likhoza kutuluka bwinobwino, inu osamva ngakhale kugwedeza.

Ndiye mvetserani apa, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Nthawi ya madzi simakhala imodzimodzi. Tsiku lililonse imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati Lolemba adzaza 6 koloko m'mawa, Lachinayi adzadzaza cha m'ma 8:30, ndipo pofika Lolemba linalo, 6 koloko yomweyo mudzapeza ataphwa. Mwaona? Malangizo a mnzanu amene anapita mwezi watha akuti "tinkanyamuka 6 koloko" alibe ntchito kwa inu.

Mwezi nawonso ulimo. Inu a kunyanja mukudziwa kuti asodzi a usipa amakonda mdima, chifukwa mwezi ukawala nyali zawo sizikoka nsomba. Kumchere mwezi umagwira ntchito ina: ukakhala wathunthu kapena ukafa, madzi amakwera kwambiri, amaphwanso kwambiri, ndipo amathamanga mwamphamvu. Ukakhala theka, amayenda mwaulesi. Sindikunena kuti m'mawa ndi woipa, ayi. M'mawa umene wakumana ndi madzi akulowa, umenewo ndi wagolide. Koma mumaupeza poyang'ana ndandanda ya madzi, imene Apwitikizi amati tabela de marés, musanasankhe masiku a tchuthi. Ili pa intaneti, ya chaka chonse. Ndipo woyendetsa boti akakuuzani kuti munyamuke 10 koloko, musakangane naye. Anakulira pamadzi amenewo.

Lembani m'makomenti: munaonapo nyanja ikuphwa ndi maso anu? Ndikufuna ndidziwe ndinu angati.

Chachinayi, zida. Nsomba ya king mackerel, imene kumeneko amati serra, ili ndi mano ngati lumo, chingwe cha nayiloni imachidula kamodzi. Mangani kawaya pakati pa chingwe ndi mbedza. Mukabwerako tsukani reel (chokulungira chingwe) ndi mbedza ndi madzi abwino tsiku lomwelo, mchere sukhululuka. Vidiyo ya kamangidwe ka wayayo ndaiika pamwambapa.

Chachisanu, chilolezo. Kuwedza kosangalala ku Mozambique kumafuna laisensi, ndipo zilumba za Bazaruto ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971. Polowa mumalipira, malo ena saloleza kuwedza n'komwe, ndipo mumakhala nyama yosowa kwambiri yotchedwa dugong. Funsani eni boti ngati zonsezi zili mumtengo musanapereke ndalama. Pemphaninso jekete yoyandamitsa, aliyense yake, ngakhale mumasambira ngati mcheni.

Neti ya udzudzu, chipewa, madzi akumwa ambiri. Sabata yamawa tikutsika mpaka ku Tofo, gombe lina la kummwera ku Inhambane komweko, kukaona zowedza uli chiimire pagombe, popanda boti. Dinani kabelu kuti isakupiteni.