Njinga Yamoto Ikatentha: Mawu kwa Akabaza a ku Chinamwali

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse mwasiya siteji m'mawa uno. Ndikudziwa kuti kukhala pano n'kuluza makasitomala, ndiye sindizungulira.

Njinga mwaimika panjazo, kaya ndi Lifan kaya Boxer, zilibe radiyeta, zilibe madzi, ndipo palibe kamuvi kokuuzani kuti injini yatentha. Zimazizira ndi zinthu ziwiri basi, mphepo ndi oyilo. Timapiko tachitsulo tozungulira injini tija si tokongoletsa ayi. Timakoka kutentha m'kati n'kukupereka ku mphepo. Njinga ikaima, mpheponso yaima. Ndiye inu amene mumadikira kasitomala pa Mpondabwino injini ikulira, mu Okutobala dzuwa lili paliwombo, mukuipha nokha. Zimitsani, mudzalizanso akakwera.

Tibwere pa oyilo. Njinga ya 125 kapena 150 imalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo ndiye akutumikira pisitoni, magiya ndi kilachi. Akachepa ndi kapu imodzi, wotsalayo amatentha msanga chifukwa ntchito ndi yomweyo koma woigwira wachepa. Oyilo amagwira bwino ali pakati pa madigiri 80 ndi 110. Akamapyola 120, oyilo wamba amasungunuka kwambiri, amada msanga, ndipo zitsulo zimayamba kukhudzana. Mapeto ake mumawadziwa: injini yanoka, njinga ili kwa makaniko, bwana akufunabe ndalama yake ya tsiku.

Achimwene kumbuyoko akufunsa kuti madigiriwo tiwadziwa bwanji. Funso labwino. Zoyezera zilipo. Pali chitsekero cha oyilo chokhala ndi kawotchi pamwamba, mumachimanga pamalo pa dipisitiki, kandodo koonera kuchuluka kwa oyilo kaja. Palinso kamfuti kongoloza pa chitsulo n'kuwerenga nambala. Osati kaja ankatiloza nako pamphumi nthawi ya Covid-19, kaja n'ka thupi la munthu. Gulu ngati lanuli mutasonkherana, kamfuti koyezera injini kamodzi kakhoza kukwanira siteji yonse. Mukamayeza, lozani malo amodzimodzi nthawi zonse, monga pansi pa injini pafupi ndi bawuti yotsitsira oyilo, mutangoima kumene. Pafupi ndi pulagi nambala imakwera kwambiri kuposa ya oyilo, musadzidzimuke nazo. Chachikulu n'kudziwa nambala imene njinga yanu imakhala ili bwinobwino, kuti tsiku ikadumpha muzindikire.

Koma ambiri tilibe zimenezo, ndiye khutu ndi mphuno zigwire ntchito. Mukamakoka moto pamtunda n'kumva injini ikulira ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, yatentha kapena giya yakulira. Mphamvu zikathawa pamalo pamene mumakwera masiku onse, fungo la oyilo wopserera likamveka, nyutrolo ikamavuta kupeza, imani. Ndipo chonde musaithire madzi. Ndimaona ena akuimika pa mtsinje wa Mulunguzi n'kukhuthulira madzi ozizira pa injini yotentha. Chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka. Ikani pamthunzi pomwe pakupita mphepo, mudikire.

Za mtunda wa Ku Chawe ndizikhalitsepo pang'ono. Anthu awiri kumbuyo, kapena matumba a mpunga ochokera ku Chilwa, munthu ali mu giya yachinayi wakoka moto wonse, njinga ikungokwawa, eti akusunga mafuta. Pamenepo injini ikugwira ntchito yoposa, mphepo ikudutsa pang'ono, pampu ya oyilo nayo ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa imayendera limodzi ndi injini. Tsitsani giya, injini ipepukidwe. Kulira mokweza pang'ono sikuipweteka ngati kubuula.

Kusunga mafuta komweku n'kumene kumatitumiza kwa makaniko kuti atifinyire kabureta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Inde petulo wakwera, ndipo mizere pa filing'i siteshoni tonse taiimapo. Koma petulo akachepa mpweya n'kuchuluka, moto m'kati umatentha kwambiri. Masulani pulagi injini itazizira muone nsonga yake. Ikakhala yofiirira, zili bwino. Ikakhala yoyera mbuu, yofuuka, injini ikupsa. Yakuda ndi mwaye ndiye petulo wachuluka. Fyuluta ya mpweya yong'ambika kapena yochotsa imabweretsa vuto lomwelo, n'kuwonjezapo fumbi m'kati.

Inu oyenda msewu wa Kachulu ndi ku Jali, dzinja likafika matope amamata pakati pa timapiko tija n'kuuma gwa. Tengani kamtengo ndi burashi, muchotse madzulo injini itazizira. Katundu kapena malata otchingira matope asatseke kutsogolo kwa injini.

Oyilo gulani wa njinga yamoto, wotseka bwino m'botolo lake, monga 20W-50 ngati buku la njinga yanu likutero, ndipo pa botolo pakhale mawu oti JASO MA kuti kilachi isamaterereke. Wa m'mabotolo a zakumwa wapamsewu uja, simukudziwa wachokera mu injini ya ndani.

Tsopano tiyeni panja. A tcheyamani, tibwerekeni njinga yanu. Tiimike mowongoka pamalo osapendekeka, ipume mphindi zingapo oyilo atsike, aliyense atulutse dipisitiki ndi dzanja lake. Wina abweretse kansanza ndi sipanala ya pulagi.