Ekizosi ya Altezza ya mng'ono wanga

Moni nonse amene mukumvetsera, a kwathu ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi, komanso inu amene muli kutali ndi kwanu ngati ine. Gawo lino ndikulijambula ku Johannesburg, patangotha milungu iwiri chibwerere kumudzi, ndipo nkhani yake ndi ekizosi imene tinapangira galimoto ya mng'ono wanga.

Amene mwayamba kumvetsera lero, dziwani kuti ndatha zaka 7 ndikugwira ntchito m'galaja yopanga maekizosi, kumene ndinayamba ndi kusesa ndi kudula mapaipi ndisanaloledwe kugwira makina owotcherera. Mng'ono wangayo anagula Toyota Altezza RS200, ija ya injini ya 3S-GE ya malita 2 ndi masilinda 4, mtundu umene anaupanga kuyambira 1998 mpaka 2005. Atangoitsitsa pang'ono ndi kusintha sefa ya mpweya, ananditumizira uthenga pa WhatsApp wakuti, "Akulu, mundibweretsere paipi ya mainchesi 3, kuti ndikamachoka m'tauni a ku Kapata azidziwiratu kuti ndikubwera."

Ndinamukanira, ndipo chifukwa chake ndichifotokoze bwino, popeza anyamata ambiri kwathu amayesa mphamvu ya galimoto ndi khutu. Injini situlutsa utsi mosalekeza, koma modukizadukiza, silinda iliyonse pa nthawi yake, ndipo utsi ukamathamanga m'paipi yoyenera umasiya mpata kumbuyo kwake umene umakoka utsi wotsatira. Amene munathirirapo dimba mukudziwa kuti madzi amathamanga mu ngalande yopapatiza, koma akafika potakata amayenda mwaulesi. Paipi ya mainchesi 3, amene ndi mamilimita 76, imayenerera injini ya turbo. Pa injini yopanda turbo ngati ya Altezza iyi, utsi umazizira ndi kuchedwa m'menemo, galimoto imalemera ponyamuka, ndipo mwini wake amangopindula phokoso. Ndinasankha paipi ya mamilimita 63.

Chitsulo chake ndinatenga chosachita dzimbiri cha nambala 304, chimene chili ndi chromium wokwana magawo 18 pa 100 alionse ndi nickel magawo 8. Chilipo china chotsikirapo mtengo cha nambala 409, chimene chimafiira pamwamba pakapita nthawi koma sichibooka msanga. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi 304, yesani ndi maginito pa mbali yowongoka ya paipi, chifukwa pa 409 amamatirira zolimba pamene pa 304 sagwira kwenikweni.

Chimene ndinkadziwa kuti sindikachipeza mosavuta kwathu ndi zigongono zopindidwa bwino. Makina wamba akamapinda paipi amaiphwanya pa ngodya, njira ya utsi n'kuchepa, pamene makina a mandrel amalowetsa chitsulo m'kati kuti paipi ikhalebe yobulungira. Choncho ndinagula zigongono 6, resonator (kachipangizo kochepetsa kung'ung'uza kwa ekizosi) ndi sailensa, ndinazikulunga m'mabulangete, ndipo zinayenda nane pa basi kudzera pa Beitbridge ndi Chirundu mpaka ku Lusaka, kenako pa Great East Road kuwoloka mlatho wa Luangwa. Amayi ataona chikwama cholemeracho anaganiza kuti ndawabweretsera mapoto.

Tisanayambe ntchito tinakangana pa catalytic converter, chipangizo cha pa ekizosi choyeretsa utsi, chifukwa wina anali atamuuza mng'ono wanga kuti aichotse amugule. Munthuyo ankadziwa chimene ankafuna, pakuti m'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zodula zimene zimasandutsa mpweya wapoizoni kukhala wocheperako ululu. South Africa ndiyo imakumba platinum wochuluka kuposa dziko lina lililonse, makamaka cha ku Rustenburg, ndipo kuno akuba amalowa pansi pa galimoto usiku kukadula chipangizochi. Ya mng'ono wanga inali isanatsekeke, motero tinaisiya pamodzi ndi sensa ya oxygen imene imauza kompyuta ya injini mlingo wa mafuta.

Wowotcherera wathu anali bambo wachikulire wa ku Kapata komweko, amene ali ndi makina a ndodo okha, osati a TIG, owotcherera mosalala mothandizidwa ndi gasi, amene ndinazolowera. Ndikuvomereza kuti ndinafika ndi kamtima kodzimva. Iwo anagona pa katoni pansi pa galimoto, anayang'ana pamene ndinalemba ndi choko, kenako anati, "Mwana wanga, kumene ukukhalako kulibe mahampu? Sailensa iyi ukaiika apa siifika ndi ku Katete komwe." Anaikweza pafupi ndi thupi la galimoto, anaika chitsulo chotchinga kutentha, ndipo analangiza kuti tisawotcherere ekizosi yonse kukhala chinthu chimodzi, koma tiigawe patatu ndi kuilumikiza ndi mabawuti, kuti mwala ukaphwanya mbali imodzi panjira ya kumudzi tidzasinthe mbali yokhayo. M'zaka 7 zonsezi ndinali ndisanaganizepo zimenezo, chifukwa makasitomala athu kuno amayenda pa phula lokhalokha.

Paipi yopyapyala imabooka msanga ndi makina a ndodo, koma bamboyo anatsitsa mphamvu ya magetsi n'kumadontheza kadontho kamodzikamodzi, akudikira kuti pazizire asanapitirize. Mzere wake sunakongole ngati wa TIG, koma titaliza injini iwo anatseka kumapeto kwa paipi ndi sanza kwa kanthawi, akuyendetsa dzanja pafupi ndi mfundo iliyonse, ndipo sipanatuluke mpweya pena paliponse. Kuyesa kumeneku musakunyoze, chifukwa carbon monoxide alibe fungo, ndipo akalowa m'galimoto yotseka magalasi amagonetsa woyendetsa.

Resonator ija mng'ono wanga ankaiona ngati katundu wosafunika, mpaka titayesa galimoto pamsewu wa ku Mwami. Ntchito yake ndi kuchotsa kung'ung'uza kumene kumadzaza m'galimoto pa liwiro losasintha, ndipo munthu wopita ku Lusaka, ulendo wa makilomita opitirira 500, angafike mutu ukuwawa popanda iyo. Galimoto inalira mokhuthala ikamakoka, n'kukhala chete ikamayenda mwakachetechete, ngakhale mwini wake anadandaulabe kuti a ku Kapata samumva ali kutali.

Dzulo wanditumizira chithunzi cha mphira umodzi wopachikira ekizosi utaduka, chifukwa tinabwezeretsa akale omwe aja posafuna kuwononga ndalama. Ndagula anayi atsopano, ndipo anyamuka ndi basi ya Lachisanu.