Achimwene, makina aja atulutseni m'katoni

Achimwene, mwaswera bwanji ku Luwinga uko? Ndati ndingojambula mawu, zolembazi zingatalike. Akazi anu andiuza kuti makina a CPAP aja, othandiza kupuma bwino mukagona, afika kuchokera ku Johannesburg, koma mwangogona nawo usiku umodzi n'kuwabwezera m'katoni. Ayi achimwene, atulutseni. Alamu anu kuno anateronso sabata yoyamba, koma lero chino ndi chaka chachiwiri, sagona opanda makinawo.

Mumvetse kaye chimene chimakuchitikirani. Mukagona, minofu ya kukhosi imafooka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka. Mkonono uja umaduka, zii, masekondi 10 kapena kuposa, kenako mumadzidzimuka ngati mwatsamwa. Inu simukumbuka kanthu, amaona ndi wogona pambali panu. Ine ndinkakhala tsonga pakati pa usiku, dzanja pachifuwa pa alamu anu, kudikira kuti apumenso. Zikamachitika koposa ka 30 pa ola limodzi, madokotala amati vutolo ndi lalikulu. Zimakweza BP, zimatha kubweretsa sitiroko, ndipo masana munthu amasinza paliponse. Inu mumayendetsa galimoto msewu wa Chikangawa, nkhungu ili tolotolo. Chimandisowetsa mtendere n'chimenecho.

Makinawa sapereka oxygen ayi. Amangopopa mpweya wamba womwewu kuti kukhosi kusatsekeke. Anawayambitsa ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, mu 1981, ndipo nzeru yake ndi yomweyo ya makina a Pumani aja amene amathandiza ana obadwa osakwana masiku m'zipatala zathu.

Tsopano muchite chonchi. Musayambire usiku. Masana, mutakhala pampando mukumvera wailesi, valani masikiyo, yatsani makina, mukhale nayo theka la ola. Thupi lizolowere kuti palibe chimene chikukubanikani. Usiku sambani kumaso, musadzole Vaseline, imawononga labala ija ndipo masiki imaterereka. Gonani kaye, kenako mumange malamba, chifukwa nkhope ya munthu wogona imasiyana ndi ya munthu wokhala. Musamange ngati mtolo wa nkhuni. Chala chimodzi chizitha kulowa pansi pa lamba. Mukadzuka ndi mabala pamphuno, ndiye kuti mwamangitsa. Mpweya ukamatulukira m'maso, itukuleni pang'ono masikiyo n'kuikhazikanso bwino.

Pali batani lolembedwa kuti ramp. Limenelo limachititsa kuti mpweya uyambe pang'onopang'ono, uzikwera inu mukugona kale. Alamu anu linawapulumutsa ndi limeneli. Koma nambala ya mphamvu ya mpweya ija, imene imakhala pakati pa 4 ndi 20, musaikhudze, ndipo musandifunse ya alamu anu kuti mutengere. Aliyense ali ndi yake, amaika ndi dokotala atakuyezani. Mukamadzuka kukamwa kuli gwa, ndiye kuti mukugona kukamwa kuli yasa ndipo mpweya ukuthawira pamenepo. Kauzeni dokotala, pali kalamba ka pachibwano, palinso masiki yophimba mphuno ndi pakamwa pomwe.

Za kuzizira kwa kuno kwathu ndikuuzeni, chifukwa zinatisautsa. Mu June ndi July, nthunzi imasanduka madzi m'paipi muja, mumangomva kholokholo usiku, mwina madontho n'kukugwerani pamphuno. Makina muwaike pakampando kotsika kuposa bedi kuti madzi azibwerera m'kathanki ka makinawo kamene kamanyowetsa mpweya, ndipo paipi muilowetse m'bulangete muzigona nayo, isazizidwe. M'kathankimo muzithira madzi a distilled a ku famase. Akasowa, owiritsa n'kuziziritsa angakuthandizeni masiku ochepa, koma amasiya zoyera pansi, ndiye muzikatsuka. Madzi a dzulo tayani, thirani atsopano.

Magetsi akazima musachite mantha, ingovulani masiki. Ife tinagula batire ndi inveta yaing'ono. Pa batire muzizimitsa chotenthetsa madzi chija, ndicho chimadya moto kwambiri.

Masiki muzitsuka m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda ndi sopo wopanda fungo, paipi kamodzi pa sabata, n'kuyanika pamthunzi. Kasefa ka kumbuyo kwa makina kaja muzikayang'ana, makamaka nyengo ya fumbi mu October. Ndipo achimwene, ndinene ndithu, mowa wa madzulo uja usiyeni, umafooketsanso minofu ya kukhosi. Mapiritsi ogonetsa musamwe dokotala asanavomere.

Madokotala amafuna maola osachepera 4 usiku uliwonse, koma inu lingani usiku wonse. Mukadzuka n'kupeza mwaivula masikiyo kutulo, ivaleninso basi. Ngakhale popita ku Karonga kukagona, makina apite nawo.

Loweruka ndikubwera ku msika, ndidzadutsa kwanu ndi alamu anu tidzayeze malambawo pamodzi. Mudzakhale mutawatulutsa kale. Moni kwa ana onse.